Kodi agogo athu osenza nsomba kupita kumapiri a Ntchisi ndi Dowa ankagona kuti panjira?

Mwana wa pa Chia:

Mwaswera bwanji nonse muno. Ine ndili ndi funso lomwe likungondizungulira mmutu chibwerereni ku maliro a agogo anga aamuna mwezi wathawu, kwathu ndi konkuno ku Nkhotakota chakufupi ndi Chia. Usiku tili pasiwa panafika azibambo awiri ndi mayi mmodzi ochokera ku Ntchisi cha kwa Nthondo, mwa ife achinyamata panalibe owadziwa olo mmodzi, koma anabwera ndi thumba la ufa woyera ndi ndowa ya nyemba ndipo mayi aja analira ngati mwana wa pakhomo pomwepo. Kutacha ndinawafunsa azakhali anga kuti kodi awawa ndi abale a mbali iti, kuchimuna kapena kuchikazi, nde anandiyankha kuti si abale ayi, amenewa ndi a pachigono pa agogo ako.

Akuti agogo ali mnyamata ankasenza usipa ndi utaka wouma pamutu, pambuyo pake anadzagula njinga, nkumakwera nazo mapiri kukasinthanitsa ndi chimanga, nyemba ndi mtedza poti kuno kunyanja chathu ndi chinangwa ndi mpunga. Ulendo umodzi umatha masiku angapo kupita kokha, ndipo kwa zaka zambirimbiri ankafikira pakhomo limodzi lomwelo, la bambo awo a anthu anabwera kumaliro aja. Bambowo anamwalira kalekale koma ana awo atangomva uthenga anakwera matola nkubwera.

Zandikhudza kwambiri abale, chifukwa ine ndikapita ku Lilongwe ndimalipira chipinda, mmawa ndabweza kiyi basi, olo dzina la amene wandipatsa kiyiyo sindifunsa. Nde ndati ndifunse akuluakulu muli muno, kodi zachigonozi zinkayenda bwanji kwenikweni? Mmidzi ya kumapiriko munali nyumba yakeyake ya alendo kapena munthu umangogogoda paliponse? Ankalipira? Nanga munthu woyamba kumene ulendo, wopanda omudziwa, ankayambira pati?

Aphunzitsi Opuma, pa Linga:

Pepa mwana wanga ndi zovutazo, agogo akowo ause mumtendere. Wafunsa chinthu chabwino ndipo ndiyankha motalikirapo, upirire nane.

Nyumba yolembedwa chikwangwani kuti muno timagoneka alendo kunalibe mmidzimo. Koma usaganize kuti zinali zachisawawa, dongosolo linalipo lolimba kuposa la resiti hausi. Munthu wapaulendo amayesetsa kulowa mmudzi dzuwa lisanalowe, chifukwa wofika mumdima amakayikiridwa. Ukafika sumalunjika pakhomo la munthu ayi, umapita pabwalo, kutula katundu wako pambali nkukhala pansi. Mwana amathamanga kukauza nyakwawa kapena amfumu. Choyamba amakupatsa madzi, kenako malonje, ndipo malonjewo ndiye inali kaundula wake, umanena kumene wachokera, mfumu yako ndani, mfunda wako, ukupita kuti, njira wayisiya bwanji. Ukati ndine Phiri kapena Banda kapena Mwale nthawi zambiri pamapezeka wina wonena kuti aa ameneyu ndi mbale wanga, abwere kwanga. Popanda wotero amfumu amakulozera kumphala kogona anyamata, anyamatawo amafinyikirana nkukusiyira mphasa. Chakudya chimachokera makomo awiri atatu, uyu kambale ka nsima uyu ka ndiwo. Ndalama panalibe, koma mmawa munthu wanzeru amatapa nsomba zodzadza manja awiri nkusiyira mayi wa pakhomo. Ukabwera kachiwiri kachitatu supitanso kumphala, wapeza bwenzi, ndipo pamenepo mpomwe pamakhala pachigono pako mpaka ana ndi adzukulu, ngati zomwe waona pamaliropo.

Chomwe chinkagwirizitsa zonsezi ndi chakuti aliyense amamusowa mnzake. Kunyanja kuno tili pansi, mamita osakwana 500, pomwe phiri la Ntchisi lapitirira mamita 1,600, nde zomera kumeneko ndi zina zathu ndi zina. Wakumapiri amafuna nsomba, wakunyanja amafuna chimanga ndi nyemba. Pa njala ya 1949 makolo athu ankasimba kuti anthu ankayenda mitunda kukasuma, ndipo amene anali ndi bwenzi kutali ndi amene anali ndi polowera. Paja amati kupatsa nkuika.

Koma ndisakunamize kuti njira zimenezi zinangodutsa anthu abwino okhaokha. Njira yomweyo yochoka ku Kasungu kutsikira kuno ndi imene ankadzera akapolo ndi minyanga ya njovu nthawi ya Jumbe. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika kuno cha m'ma 1840, ndipo anthu ogwidwa kumtunda ankasungidwa pano nkuwolotsedwa nyanja pa zombo ulendo wa ku Kilwa. David Livingstone anafika kuno mu 1863 nkukambirana ndi Jumbe pansi pa mtengo uja ulipobe kumishoni ya Anglican, kenako iyenso anakwera njira yomweyo kulowera kwa Mwase ku Kasungu, akugona mmidzi. Malondawo anadzatha m'ma 1890 azungu atalanda ulamuliro. Nde ukamva kuti mlendo amafunsidwa mafunso ambirimbiri pabwalo asanapatsidwe mphasa, dziwa kuti anthu akumapiri anali ataonapo alendo obwera ndi unyolo. Midzi ina inachita kuthawira pamwamba pa mapiri chifukwa cha nkhondo za nthawi imeneyo.

Atabwera azungu kunabweranso mtundu wina wa mlendo, wosapempha. DC akamayenda ulendo wake woyendera midzi ndi za msonkho amanyamulidwa pa machila, kumbuyo kuli amtengatenga ndi katundu, ndipo mudzi umene wagonapo umayenera kupereka nkhuku, mazira, nkhuni, madzi ndi amuna omunyamula kukafika mudzi wotsatira. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna ambiri anatengedwa umtengatenga womwewo ndipo ambiri sanabwerere. Nyumba zogona za boma, zomwe tinadzazitcha resiti hausi, zinayambira kumeneko, zinali za iwowo osati za wosenza usipa. Olo nyumba ija ili mmbali mwa nkhalango ya Ntchisi yomwe pano ndi malo ogona alendo okaona phiri, inamangidwa mu 1914 kuti DC azikapumako kuthawa kutentha kwa kunyanja kuno. Agogo ako ankadutsa mmunsi mwake ndi dengu pamutu kukagona kwa bwenzi lawo.

NaPhiri wa ku Chipoka:

Aphunzitsi mwafotokoza bwino zedi koma mundilole ndiwonjezere mbali yomwe azibambo simuiona, paja inu mumakhala pabwalo kuchita malonje ife tili kuseri ndi mthiko. Ine ndinabadwira ku Dowa kumapiri a kufupi ndi Mvera, kuno ku Salima ndinabwera ndi banja, ndipo pakhomo pa mayi anga panali pachigono pa anthu a nsomba ochokera kwa Maganga ndi ku Senga Bay. Ndikunena zomwe ndinaziona ndi maso anga ndili kamtsikana.

Mlendo akafika madzulo ntchito yonse imagwera mayi ndi ife ana aakazi. Madzi kwathu timatunga kutsinde kwa phiri, nde ngati mumtsuko mwatsala ochepa umatsika ndi ndowa kachisisira kuti mlendo asambe, nkhuni, kupha moto wina kuyatsa wina, ufa ukachepa mayi amatenga womwe amasungira mawa. Ife timatuluka mgowelo mwathu kukagona kukhitchini kapena kwa agogo kuti alendo apeze malo. Sindikudandaula ayi, ndimakumbuka masiku amenewo ndi chimwemwe, koma ndimafuna mwana wafunsayu adziwe kuti mayi analira pamaliro aja mwina ndi amene ankawatungira madzi agogo akewo ali mwana, nchifukwa chake zinamupweteka chomwecho.

Chomwe sindidzaiwala ndi kuzizira. Anthu akunyanja sadziwa chisanu cha June ndi July kumapiri, amafika ndi kamalaya kamodzi thukuta lili kamukamu pokwera chitunda, koma dzuwa likangolowa amayamba kunjenjemera mano kuchita kugundana. Mayi anali ndi bulangete limodzi lomwe sitimaloledwa kufunda ife, limakhala mu sutikesi, linali la alendo basi, ndipo bambo amalowetsa chitsa chachikulu mnyumba kuti moto ugone. Mmawa asananyamuke amamwa thobwa kapena phala ndipo mayi amawamangira kamba, mbatata yootcha kapena chimanga chokazinga ndi mtedza.

China ndi chachipembedzo. Ambiri mwa alendo athu anali Asilamu pomwe ife ndi a CCAP, paja Mvera ndi pomwe a Dutch anayambira mishoni yawo mu 1889, nde mudzi wonse unali wa tchalitchi kupatula a gule. Koma bambo akafuna kuwaphera nkhuku samazinga okha, amaigwira nkupereka mpeni kwa mlendo kuti azinge yekha mwa chipembedzo chake, ndipo mayi anali ndi mphika wina womwe sunaphikidwepo nkhumba chiugulireni. Palibe anachita kuwaphunzitsa pa semina, ankangodziwa kuti mlendo wako sumamudyetsa chomwe amasala. Mbali inayi bambo amawachenjeza kuti njira yakuti musadzere kuli dambwe, mukamva ng'oma usiku musatuluke, mukakumana ndi chilombo panjira patukani mukhale pansi. Mlendo wopanda womuuza zimenezi amatha kulowa mmavuto akulu.

Zomwe timapindula ife, ee, nsomba, poti kumapiri ndiwo zake ndi nyemba ndi masamba chaka chonse nde tsiku lobwera alendo kanunkhira ka utaka kamamveka mudzi wonse. Komanso nkhani. Wailesi inali kwa aphunzitsi okha, nde za sitima, za mitengo ya zinthu ku Salima, za ng'ona yagwira munthu ku Linthipe, timamvera kwa iwowa titazungulira moto. Ndipo ine amene mwamuna wanga ndi mdzukulu wa mmodzi mwa alendo amenewo, anabwera kudzaperekeza agogo ake atakalamba osathanso kukankha njinga pa chitunda.

Zoipa zinaliponso. Wina tinamulandira bwinobwino, wachilendo, anati akupita ku Dowa boma, mmamawa tinapeza wapita ndi bulangete lija. Mayi analira, osati chifukwa cha mtengo wake wokha koma ankati nanga akabwera anzathu a ku Senga Bay afunda chani. Anagulitsa nkhuku zinayi kugula lina.

Ndipo mu 2002 njala itavuta zinthu zinatembenuka, abale anga akumapiri ndi amene anatsika kuno kudzafuna makaka ndi mpunga, ndipo makomo omwe anawatsegulira ndi a ana a anthu omwe aja ankagona kwathu.

Kabaza wa pa Benga:

Zonsezi nzabwino amayi koma tinene zoona masiku ano ndani angayerekeze?? Ine munthu osamudziwa agogode usiku kuti ndigone nawo sinditsegula olo pang'ono, anzathu angati aphedwa chifukwa cha njinga zamoto atanyamula munthu ooneka bwinobwino. Komanso mlendoyo payekha ali pa ngozi, kumbukirani 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe mphekesera za anamapopa zija anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokhala achilendo pamudzi. Zinatipweteka tonse zimene zija. Ine bola resiti hausi, walipira watseka chitseko chako wagona.

Aphunzitsi Opuma, pa Linga:

Mwana wanga wa pa Benga sukunama, ndipo mantha amenewa sanayambe lero. Ife tinaona kusintha pambuyo pa chisokonezo cha nduna mu 1964 ndi zomwe zinatsatira mu 1965, pomwe mudzi uliwonse unauzidwa kuti mlendo wosadziwika azikanenedwa kwa a chipani kuopa zigawenga. Munthu wogoneka mlendo wopanda khadi amatha kuyankha mlandu iyeyo. Kuyambira pamenepo malonje anasanduka kufufuzana. Kenako misewu ndi mabasi a kampani ya UTM zinamaliza, ulendo wa masiku atatu unakhala wa tsiku limodzi, nde wogona panjira anachepa. Njira zina zachidule zodutsa mthengo zinatsekekanso poti ndi mnkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ndipo chibwerereni a African Parks mu 2015 kuli mpanda wa waya ndi njovu pafupifupi 500 zomwe anabweretsa mu 2016 ndi 2017, sungadutsemo wapansi ndi dengu ngati kale.

Wa pa Kauntala, Kamuzu Road:

Ndawerenga zonse ndipo ndati nane ndiyankhepo poti ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndakhala pa kauntala ya resiti hausi ina pano pa Salima zaka zambiri ndithu. Zimandiwawa kuti mawu oti resiti hausi anthu akangowamva amaganiza za uhule basi, mpaka ena kumpingo amandiyang'ana mwina mwake ndikanena komwe ndimagwira. Zimenezo zilipo sindikana, koma bwerani mudzakhale nane usiku umodzi muone amene amagona muno.

Salima ndi tauni ya anthu odutsa kuyambira kale. Njanji inafika kuno mu 1935 ndipo inathera pompano mpaka 1979 pomwe anaipitiriza kukafika ku Lilongwe, nde zaka zonsezo katundu ndi anthu a ku Lilongwe, Dowa, Ntchisi ankatsika mapiri pa lole kudzakwera sitima kuno, ena kupita ku Chipoka kukadikira Ilala. Anthu ochuluka chomwecho sakanakwana kumphala kwa amfumu, nchifukwa chake kunabwera nyumba zolipira ndi matiyirumu. Ndipo ma resiti hausi a khonsolo ambiri anali ndi chipinda chachikulu chogona anthu ambiri pansi pamtengo wotsika, aliyense ndi mkeka wake katundu kumutu, imeneyo inali mphala yomweyo kungoti yolipira.

Lero amene ndimalandira ine kwambiri ndi azimayi a geni ya nsomba ochokera ku Mponela, ku Dowa, ku Lilongwe, amafika madzulo kuti mmamawa akakhale kunyanja makokoka akamatuluka. Ena ndawalandira zaka khumi, ndimadziwa ana awo maina, amandisiyira katundu sabata yathunthu osalemberana paliponse, ndimawadzutsa 4 koloko, foni zawo zimatchajidwa pa kauntala panga, wina akadwala malungo usiku ndine ndimathamanga kukasaka kabaza. Akamabwerera kwawo amanditapira kausipa, ena pobwera amanditengera mbatata ya kachewere kapena nyemba za kumapiri. Nde amayi a ku Chipoka pomwe mumafotokoza za mayi anu ine ndimangoona ngati mukunena za ntchito yanga, kusiyana kwake nkwakuti ine pamwamba pali abwana ofuna buku ligwirizane ndi ndalama.

Ndipo achimwene a pa Benga, osowa pogona sanathe. Mwezi ndi mwezi pamafika wina waberedwa mu minibasi, kapena mayi wochokera kuchipatala ndi mwana thiransipoti yamuthera. Ine chipinda sindingapereke ulere si changa, koma ndimamuyalira katoni ndi chitenje mkachipinda kosungira matsache, ena timawaperekeza kumzikiti kapena kutchalitchi ndipo sabwezedwa. Kumidzi nakonso galimoto ikakufera usiku cha ku Thavite kapena mmapiri a msewu wa Lilongwe, funsani kwa amfumu, mpaka lero adzakupezerani pogona, kungoti adzayamba akuonani chiphaso.

Mwana wa pa Chia:

Zikomo kwambiri nonse, aphunzitsi, amayi, achimwene awiri. Ndawawerengera azakhali anga zonsezi dzulo madzulo ndipo pa nkhani ya bulangete ija anangoti eya eya, akuti agogo ankakonda kunena kuti kwa Nthondo anawafunditsa chikopa cha mbuzi ulendo wawo woyamba chifukwa bulangete kunalibe. Andiuzanso chomwe sindimachidziwa, kuti mayi analira uja dzina lake anamutcha ndi agogo anga, anabadwa usiku womwe iwo anagona pakhomopo ndi dengu lawo.

Tagwirizana pabanja kuti tikakolola mpunga ine ndi azakhali tipite kukawathokoza, nambala anasiya. Nde amayi a ku Chipoka ndithandizeni, tinyamule chani kuti zikaoneke zaulemu, ndipo tikafika tiyambire kwa amfumu kapena tingolunjika pakhomo poti pano tikudziwana?

NaPhiri wa ku Chipoka:

Lunjikani pakhomo mwana wanga, inu si alendo a pabwalo, eni akewo ndi amene akakutengereni kwa amfumu mawa lake kukakuonetsani, nde mukonzeretu kansomba kapadera ka amfumuwo. Nyamulani utaka kapena usipa wouma bwino osati wofwafwaza wa dzulo ungakaonongeke panjira, mpunga wa pamunda panu olo ndowa imodzi, mchere, shuga, ndi chitenje cha mayiyo. Ndalama musapereke mmanja ngati mukulipira ngongole angakhumudwe, ngati mukufuna kuthandiza muwapatsire ana ya makope pobwerera. Akakupatsani nkhuku yamoyo kapena nyemba musakane olo zikulemereni. Mufike dzuwa likadalipo ndipo musakonze zobwerera tsiku lomwelo, mugone. Mpunga mukolola cha mu May kapena June eti, nde azakhali anuwo muwatengere juzi ndi mpango wa kumutu, inunso jekete.